Dzina Limene Linatsala ku Gunsan

Bong Hyeran anali atagwada pansi, mapini atatu ali kukamwa, akupinda mwendo wa buluku la kasitomala, pamene bambo wina wa jekete lotuwa analowa m'kashopu kake kosokera zovala ku Cheongju. Bamboyo sanabwere ndi chovala choti chisokedwe. Anangoima pafupi ndi chitseko atakumbatira chikwama cha mapepala, n'kumadikira ngati munthu wozolowera kudikira.

Kasitomala atatuluka, bamboyo anaweramitsa mutu n'kupereka kakhadi ndi manja awiri.

"Mayi Bong Hyeran ndinu? Ine ndine Ma Dongpil. Ndachokera ku kampani yotolera ngongole."

Hyeran analavulira mapini aja m'dzanja. "Mwasochera, bambo. Ine ndilibe ngongole ndi munthu. Ngakhale makina mukuwaonawa ndinalipira kamodzi n'kamodzi."

"Munakhalako ku Gunsan? Mdadada wa kuseri kwa msika wa nsomba, nyumba nambala 302?"

"Ndinachokako kalekale. Chaka chino n'chachinayi."

"Inu munachokako, koma dzina lanu likadali komweko."

Bambo Ma anayala mapepala pa tebulo lodulirapo nsalu, n'kuyamba kuwerenga ndi mawu otsika, chala chikutsata mizere. Gasi wa miyezi khumi ndi isanu ndi inayi. Intaneti. Makina osefera madzi. Fuliji ya zitseko ziwiri. Kanema wamkulu wopachika pakhoma. Mpando wamagetsi wosisita msana. Katundu yenseyu anatengedwa pa mgwirizano wolipira mwezi ndi mwezi, analipiridwa miyezi ingapo yoyambirira, kenako zii. Pamodzi ndi chiwongoladzanja, ndalama zonse zinali zitafika pa won mamiliyoni asanu ndi anayi.

Hyeran anaseka, chifukwa nkhaniyo inalibe mutu. "Mpando wosisita msana? Ine? Msana wangawu ukayamba kuwawa ndimaukhuza pa mphuthu ya chitseko icho. Funsani aliyense mumsewu muno."

Bambo Ma sanaseke nawo. "Khoti linatumiza kalata kunyumba imeneyo mwezi wa Marichi. Wina anailandira n'kusaina kuti ndi wachibale wokhala nanu. Masabata awiri oti mutsutse anadutsa. Panopa kampani ili ndi mphamvu yotseketsa akaunti yanu ya kubanki. Ndaona kuti ndibwere kaye ndikuoneni."

Apa m'pamene kuseka kunamuthera. M'akaunti imeneyo munali lendi ya shopu ndi kangachepe kamene ankasungira maliro ake omwe, kuti asadzavutitse mwana.

Ku Gunsan anachokako mothamanga. Mwamuna wake anali atamwalira chisanu chapitacho, ndipo mwana wawo mmodzi yekha, Seula, wokwatiwa ku Cheongju, anali ndi pakati povuta moti madokotala anamugoneka pabedi. Hyeran analongedza nyumba ya zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri m'masiku awiri. Amene anamuthandiza kumanga makatoni anali Chu Malsun wa pa 301. Makomo awo ankayang'anizana pafupi kwambiri, mwakuti nsapato zawo zinkasakanikirana pakhonde. Nthawi ya matenda, Malsun ndi amene ankaphika phala. Pamaliro anaima masiku atatu akugawira anthu msuzi, mpaka olira ochokera kutali ankayesa ndi mkulu wake weniweni. Hyeran analibe mkulu wake wobadwa naye, ndiye ankangoti achemwali, ndipo sankamva ngati akubwereka mawuwo.

"Pita, mwana akukudikira," anatero Malsun tsiku limenelo. "Zagasi, zamagetsi, zaintaneti, ndikatseketsa ine. Ingondisiyira chidindo chako chosainira mapepala, fotokope ya chiphaso, ndi kafoni kakaleko. Si Seula wakugulira yatsopano? Nambala yakaleyo ndikaitseketsa limodzi."

Patatha sabata, chidindo chinabwera papositi m'bokosi la nsomba zouma, ndi kakalata koti zonse zatheka.

Choncho Hyeran atamva za khoti, anatenga foni yake mtima utakhazikikako. "Pali munthu angakuuzeni tsiku limene ndinachoka. Achemwali anga a Chu Malsun, a pa 301. Dikirani ndiwaimbire."

"Musanaimbe, mayi, tamverani kaye ichi." Bambo Ma anatulutsa foni yawo n'kuiika pamwamba pa mapepala. "Makampani obwereketsa katundu amaimbira kasitomala pa nambala ya m'dzina lake, n'kujambula mawu. Ichi n'cha mpando uja."

M'fonimo munamveka mtsikana wa mawu osalala. "Ndikulankhula ndi mayi Bong Hyeran?"

Panamveka kakhosomolo kakang'ono, kouma, kamene munthu amayamba nako asanalankhule. "Inde, ndine."

"Tsiku lanu lobadwa?"

Mawuwo anatchula chaka, mwezi ndi tsiku osapunthwa ngakhale pang'ono. Akanapunthwa bwanji munthu amene chaka ndi chaka, pa tsiku limenelo, ankagogoda m'mamawa ndi mbale ya msuzi wa ndere za m'nyanja? Mtsikana uja anawerenga malamulo a mgwirizano, mawuwo akungoti inde, inde. Chakumapeto mwini mawuwo anafunsa momasuka, ngati munthu ali pamsika: "Kodi mpandowo wofiirira ulipo? Wakudawo umaonetsa fumbi."

Hyeran anakhala pa kampando ka makina osokera. Anayang'ana mapini amene anali akadali m'dzanja lake ndipo anaona kuti imodzi yamubaya, koma sanamve kuwawa.

"Mawuwa mukuwadziwa," anatero bambo Ma. Silinali funso.

"Shopu ino mwaidziwa bwanji?"

Bamboyo anazengereza, kenako anasolola kapepala kong'ambidwa pa kalendala. Panali adiresi ya shopuyo, yolembedwa ndi zilembo zazikulu zopendekera zimene Hyeran ankaziona pa mabokosi a nsomba chaka chilichonse. M'munsi mwake munali ngakhale kamapu: tsikirani apa, kutsogolo kwa shopu ya mankhwala.

"Anatiuza kuti munathawa ngongole n'kuwasiyira iwo mavuto." Anabweza kapepalako m'chikwama. "Ine ntchito imeneyi ndagwira zaka makumi awiri, mayi. Kawirikawiri sakhala mlendo. Amakhala mlamu, mwana, mnzako wa kutchalitchi. Njira zilipo ziwiri. Mulipire, kapena mukanene kupolisi kuti wina anagwiritsa ntchito dzina lanu, mundibweretsere chikalata chawo, ine ndiimitsa zonse. Ambiri amalipira, chifukwa kukatula munthu wako kupolisi si chinthu chapafupi. Kampani yathu imadyera pamenepo, ngakhale sindiyenera kukuuzani zimenezi. Ndikupatsani masiku khumi."

Hyeran sanamuuze Seula. Masiku atatu anasoka ngati munthu wogona, mpaka anafupikitsa siketi ya wina kawiri. Loweruka m'mawa anapachika chikwangwani pachitseko n'kukwera basi ya ku Gunsan.

Njira yachidule yopita kumdadadawo inkadutsa mumsika wa nsomba. Fungo linali lomwe lija, madzi pansi omwe aja. Pa benchi yachitatu panali mayi Ok, wogulitsa nkhanu, amene kale ankamuwonjezera imodzi nthawi zonse. Hyeran anaima n'kupereka moni.

Mayi Ok anamuyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu, manja osasiya kumanga nkhanu. "Ooh, ndi inu. Mwanenepatu. Ku Cheongju kukukomerani."

"Muli bwanji, mayi? Bondo lija linapola?"

"Bondo lilibe kanthu. Mwabwera kudzamasula mnzanu? Mayi uja watha, anthu a ngongole zanu akumugogodera ngati iye ndi amene anadya. Chisanu chathachi tinachita kumusonkhera ife kuti alipireko gasi wanu. Munthu anakusamalirani mwamuna mpaka kumanda." Anatembenukira kwa kasitomala wina. "Zingati, bambo?"

Azimayi a mabenchi oyandikana anali atasiya kulankhula. Hyeran anadutsa pakati pawo maso ali pansi, ndipo zinamupweteka kuti akuyenda ndendende ngati munthu wothawa ngongole.

Pakhomo la 302 panali kanjinga ka mwana ndi nsapato zazikulu zachimuna. Anagogoda pa 301.

Malsun anatsegula ali ndi mpeni wa ndiwo m'manja. Nkhope yake inaima kamphindi kochepa chabe, kenako inamasuka yonse.

"Hyeran, iwe, kubwera osaimba foni? Lowa, lowa. Wadya? Taona mmene waondera m'masayamu, mwana uja sakukudyetsa?"

Anamukhazika pansi pa kamtsamiro, n'kuyamba kusenda peyala mwachangu, akufunsa za mdzukulu, za lendi, za nyengo ya ku Cheongju. Kenako anatenga kapu, n'kupita pakona pa khitchini pamene panali makina oyera osefera madzi, n'kudina. Hyeran anayang'ana madziwo akutsikira m'kapu. Malsun anaika kapuyo patsogolo pake, ndipo ataona kumene maso a Hyeran anali, dzanja lake linachedwa kuchoka.

"Wofiirira uja unapezeka?" anafunsa Hyeran.

"Chiyani?"

"Mpando. Munati wakuda umaonetsa fumbi."

Malsun anakhosomola kakhosomolo kake kaja. Anakhala pansi, n'kutola makoko a peyala limodzilimodzi kuwaunjika m'mbale.

"Afika kwa iwe."

"Mwawajambulira mapu, akanalephera bwanji?"

"Tamvera kaye, usanapse mtima. Ukudziwa kuti Gwangsu ntchito inamuthera fakitale ya zombo itatsekedwa." Gwangsu anali mwana wake wamwamuna, amene Hyeran anamusokera yunifolomu kuyambira ku pulayimale. "Dzina lake linali litada kale kumabanki, ngakhale foni sakanamupatsa. Langa ndinali nditamusainira kale zina, nalonso linada. Mtsikana wake anali ndi pakati, makolo ake akufunsa kuti akakhala kuti, adzadyera pati. Nyumba yako inali yopanda munthu, mwininyumba anavomera. Koma nyumba yopanda fuliji ndi nyumba?"

"Nanga mpando ndi kanema?"

"Gwangsu anagulitsa tsiku lomwelo. Zinapita ku chikole cha nyumba. Ndinkafuna kumalipira, Hyeran, ndipo ndinalipira miyezi isanu ndi umodzi, ukhoza kufunsa. Kenako zinandikulira." Anakankhira mbale ya peyala kwa Hyeran. "Dzina lako linkangokhala. Loyera ngati mpunga, iwe osaligwiritsa ntchito, sugula kanthu pangongole. Ndinangobwereka."

"Wobwereka amapempha."

"Ukanavomera?"

"Dzina sindikanapereka. Koma ndalama za chipepeso cha maliro ndinali nazo. Ndikanakupatsani theka, osafunsa tsiku lobweza."

"Ndiye ndikanakhala wopemphetsa pamaso pako? Iwe amene unafika muno usakudziwa n'kutumbula nsomba komwe?"

M'mutu mwa Hyeran munkabwera mafoni onse a zaka zinayi. Malsun ankaimba kumayambiriro kwa mwezi uliwonse, osaphonya. Ankacheza za mdzukulu, za mitengo ya kabichi, ndipo chakumapeto ankafunsa mongodutsa: kulibe chachilendo kumeneko? Palibe wakuvutitsa? Hyeran ankatsitsa foni mtima uli myaa, n'kumauza Seula kuti padziko pano anthu ngati achemwali atsala ochepa.

"Munkandiimbira kuti mumve ngati makalata afika," anatero.

"Ndinkakuimbira chifukwa ndinkakusowa. Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona."

"Ndipo kalata ya khoti munasaina kuti ndinu wachibale wanga."

"Nanga si ndine? Ndi iwe amene unayamba kunditchula achemwali."

Kuseri kwa khoma, m'nyumba imene Hyeran anakhalamo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, mwana ankathamanga uku ndi uku. Hyeran ankadziwa kuti phokoso limenelo likuchokera pati, pakati pa khitchini ndi chipinda chimene mwamuna wake anamwaliriramo, pamene pansi pamalira.

"Adiresi yanga munaperekeranji?"

"Anthu a ngongole ankabwera tsiku ndi tsiku, Hyeran. Kugogoda, kumata mapepala pachitseko, mwana akulira. Mpongozi wanga anati abwerera kwawo. Ndikanatani? Iwe uli ndi shopu. Mkamwini wako amalandira bwino. Kwa inu mamiliyoni asanu ndi anayi si imfa."

"Ndadutsa mumsika."

Malsun anatola mpeni n'kuyamba kusenda peyala lina.

"Mayi Ok akuti anakusonkherani."

"Anthu ankafunsa kuti amuna amenewa akufuna chiyani pakhomo panu. Ndikanayankha kuti chiyani? Kuti mwana wanga ndi wakuba? Mawu anangotuluka. Akatuluka sungawabweze."

Hyeran anapuma mozama. Anali ndi zinthu ziwiri zoti anene: choyamba anali atachiganizira m'basi, koma chachiwiricho chinabwera pompo.

"Achemwali, kupolisi sindikufuna kupitako. Ndalama ndilipira ine, inu muzindibwezera pang'onopang'ono, kaya zitenga zaka zingati. Koma valani nsapato, tipite limodzi kumsika. Mukawauze mayi Ok ndi anzawo kuti ine sindinathawe ngongole. Basi. Za Gwangsu musatchule n'komwe."

Malsun anapukusa mutu asanamalize n'kulankhula komwe. "Ndalama ndipeza. Ndizikatsuka mbale ku lesitilanti, ndizikutumizira mwezi ndi mwezi. Koma zakumsikazo ayi."

"Ndi mawu awiri okha."

"Ine ndimagula kumeneko tsiku lililonse. Mdzukulu wanga akulira pano. Iwe unachoka, Hyeran. Madzulo ano ukwera basi. Dzina lako kuno ulifuniranji?"

Anafunsa moona mtima, maso ali pa Hyeran, akudikira yankho. Hyeran anaona kuti munthuyu anali ataiwerengera kale nkhaniyi, mwina zaka zapitazo, n'kupeza kuti palibe amene waluza kwenikweni.

Anadzuka. Malsun anamugwira mpendero wa siketi.

"Ukupita kuti? Khala pansi. Ndani ankachapa zofunda za mwamuna wako iwe utagona ndi kutopa? Ndani anamutseka maso? Zimenezo unalipira zingati?"

"Sindinkadziwa kuti mukulemba."

Anachotsa dzanjalo pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi, n'kuvala nsapato pakhonde. Potsika masitepe anamva chitseko cha 302 chikutsekuka pang'ono, n'kutsekekanso.

Polisi inali mtunda wa mphindi khumi. Anaizungulira kawiri. Analowa m'kashopu kena n'kugula botolo la tiyi wa balere limene sanamwe. Kenako analowa.

Wapolisi wamkazi anamupatsa fomu ndi cholembera. Hyeran analemba dzina la Malsun, adiresi, nambala ya foni, zonse za pamtima. Atafika pa bokosi lofunsa ubale wake ndi munthuyo, cholembera chinaima.

"Ndi wachibale?" anafunsa wapolisiyo.

"Ayi."

"Mnzanu?"

"Tinkayang'anizana makomo."

"Lembani choncho."

Nkhaniyo inatenga miyezi isanu ndi iwiri. Bambo Ma anasunga mawu awo: atalandira chikalata cha apolisi, akaunti sinakhudzidwe, ndipo khoti linavomera kuunikanso chigamulo chake. Seula atamva anakalipa kuti bwanji amayi ake anabisa, kenako analira, kenako anafuna kuimbira Malsun kuti amutukwane, koma Hyeran anamulanda foni. Gwangsu ndiye anaimba kanayi. Ulendo woyamba anapepesa. Wachiwiri anapempha kuti asaine chikalata chokhululuka kuti chilango chichepe. Wachinayi anati, "Azakhali, mukufuna amayi afere m'ndende chifukwa cha fuliji?" Hyeran anamuuza kuti asaina tsiku limene amayi ake akalankhule kumsika. Tsikulo silinafike.

Zakumsika anazimva kwa mkazi wa mwininyumba, amene anaimba kufunsa za mapepala. Anthu anali atadziwa zoona apolisi atabwera kudzafunsa, koma sizinasinthe zambiri. Ena ankati Malsun analakwa. Ambiri ankati n'chimodzimodzi, mayi amachitira mwana wake chilichonse, ndipo munthu wokatula mnzake wa zaka zonsezo kupolisi ndi wouma mtima. Mayi Ok sanaimbe.

Kukhoti Malsun anasenza zonse yekha. Anati mwana wake sankadziwa kanthu, ndipo palibe anatha kumutsutsa. Anamupatsa miyezi isanu ndi itatu yoti sakalowa m'ndende akapanda kulakwanso kwa zaka ziwiri, ndipo ngongole yonse inachoka pa dzina la Hyeran n'kupita pa lake.

Atatuluka, anakumana m'khonde lalitali la khotilo. Malsun ankayenda atagwira mkono wa Gwangsu, ataonda, tsitsi losadaya kwa miyezi. Anavala chikhoti chobiriwira chimene Hyeran anachizindikira nthawi yomweyo. Anali iyeyo amene anachifupikitsa manja kalekale, pa tebulo la m'khitchini, Malsun ataima akudandaula kuti mapini akumubaya. Ulusi wa mkono wakumanzere unali utayamba kumasuka, mpendero ukulendewera pang'ono. Inali ntchito ya mphindi zisanu, ndipo singano ndi ulusi anali nazo m'chikwama monga mwa masiku onse.

Malsun anadutsa pafupi kwambiri, maso ali kutsogolo. Hyeran anapatuka kuti adutse bwino, n'kuima mpaka atatsika masitepe.

Basi ya ku Cheongju inkanyamuka 3 koloko. Anafika kudepoti nthawi ikadalipo, anagula mpunga wokulunga m'ndere n'kudya ali chiimire pafupi ndi zenera la matikiti. M'basimo anapatsidwa mpando wa kumbali ya dzuwa. Anakoka katani, ndipo asanatuluke n'komwe mumzinda anali atagona.